Ndime Yomwe Inayenera Kufa

1987 mpaka 2000

Ntchito yanga yoyamba, ana anga, inali ya ulangizi wa zaulimi kumidzi ya kumadzulo kwa Kasungu. Anandipatsa njinga yakapalasa, chingwe choyezera mizere ndi kanyumba kodontha pangodya imodzi, ndipo ndinkayenda mudzi ndi mudzi kuphunzitsa kulima anthu amene anayamba kugwira khasu ine ndisanabadwe. Ena ankandimvera, ena ankangondipatsa mpando ndi nzimbe n'kumadikira kuti ndichoke. Chimene ndinkachikonda kwambiri chinali munda wachitsanzo. Tinkagawa munda pawiri, mbali ina n'kuthira feteleza, inayo n'kuisiya dala, kuti alimi adzionere okha kusiyana kwake. Mbali yosiyidwayo ndiyo inkandipweteketsa mutu chaka ndi chaka, chifukwa munthu wa kwathu sapirira kuona chimanga chachikasu iye ali ndi manja. Unkangopeza wina wathirako manyowa a mbuzi mwakachetechete, n'kumayembekezera kuti umuthokoze.

Zaka zitapita, malipiro anasiya kukwana. Inu munali mutafika poyamba sekondale, ndipo mayi anu anali atatopa ndi kukazinga mandasi. Msuweni wanga wina amene ankagwira ntchito yaulonda ku Dubai ananditsina khutu kuti kampani ina yodzala maluwa ikufuna anthu odziwa kuthirira. Ndinasiya ntchito ya boma mtima uli m'mwamba, anzanga akundinena kuti ndapenga.

2001, Jebel Ali

Pasipoti yanga anailanda tsiku lomwe ndinafika, n'kuitsekera m'kabati ya mu ofesi. Anatigoneka m'kampu ya kampani ku Jebel Ali, mabedi osanjikizana, Amalawi ochepa pakati pa anthu a ku India, Pakistan ndi Nepal. Kumene lero kuli nyumba za Discovery Gardens kunali mchenga wokhawokha ndi mapaipi aakulu odikira kukwiriridwa. Ntchito yathu inali kudzala kapinga ndi kanjedza m'mphepete mwa misewu ndi m'mabwalo a nyumba za anthu olemera ku Mirdif, kenako n'kumalimbana ndi dzuwa kuti zisafe.

Foromani wathu anali Bwana Suresh, munthu wamfupi wosaseka, amene nayenso ankaopa a pamwamba pake monga mmene ife tinkamuopera. Lamulo lake linali limodzi basi. Kapinga akafiira, wina apita kwawo. Mawu amene aliyense ankawaopa m'kampumo anali oti kansela. Viza yako inali m'manja mwa kampani, ndipo akangoikansela, khalas, kwatha basi, unkalongedza n'kukwera ndege, osafunsa n'komwe kuti ndalakwanji. Ndinaonapo mwamuna wina wa ku Nepal atachotsedwa chifukwa cha kabwalo ka kapinga kosaposa mphasa. Kuyambira pamenepo ndinkati ndikaona tsamba louma ndinkathamangira kukalithirira.

Madzi kumeneko analipo a mitundu iwiri, ndipo muyenera kumvetsa zimenezi kuti mumve zimene zinachitika. Analipo a m'zitsime, amchere oti sungameze, amene sankadula. Analiponso amene tinkawatchula kuti madzi okoma, a m'nyanja ochotsedwa mchere ndi makina, amene ankasamalidwa ngati mafuta a galimoto. Madzi okomawa ankabwera pa bauza, chigalimoto cha thanki, ndipo woyendetsa wake anali Che Yusufu, Myao wa ku Mangochi, wamkulu kwa ine pang'ono. Ndiye amene anandiphunzitsa kumanga kansalu konyowa pakhosi masana, kugula ufa wa chimanga kwa Amwenye a ku Satwa, ndiponso kuyankha kuti inshallah, ndiye kuti Mulungu akalola, pa chilichonse chimene sukufuna kulonjeza. Ankanditchula kuti alangizi mondinyogodola, n'kumati dziko lonse la Malawi linakana malangizo anga, ndiye ndabwera kudzalangiza ngamila.

Januwale 2002

Kumayambiriro kwa chaka chimenechi kunabwera mayi wina wochokera ku yunivesite ina ya boma ya ku America, dzina lake Pulofesa Hansen. Anali wamtali, wakhungu lopsa ndi dzuwa ngati mlimi wa fodya. Sukulu yawo inali itagwirizana ndi kampani yathu kuti ayese udzu wina umene iwo anaupeza, umene ankakhulupirira kuti ungakule ndi madzi amchere. Ukanatheka, kampani ikanapulumutsa madzi okoma, ndipo sukuluyo inkafuna kuutumiza kumaiko ouma kuti alimi osauka azidyetsa ziweto. Poti m'mapepala mwanga munalembedwa za ulangizi, Bwana Suresh anandiloza ine kuti ndiziyang'anira ntchitoyo.

Mayiyu anatidabwitsa. Masana sankapita kukadya m'chipinda chozizira cha mabwana, ankadzakhala nafe pamthunzi wa bauza. Tsiku lina ndinawafunsa kuti sukulu yawo ndi yotani, poti maganizo anga anali oti mapulofesa sagwira dothi. Anandiuza kuti kale kwawoko maphunziro apamwamba anali a ana a anthu achuma okha, ofuna kukhala maloya ndi abusa. Ndiye m'nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya dziko lawo, boma linakhazikitsa lamulo lopereka malo aakulu ku chigawo chilichonse, kuti malowo agulitsidwe ndipo phindu lake limangire sukulu za ana a alimi ndi amisiri. Yawoyo inayamba ndi nyumba imodzi, khola la ng'ombe ndi munda, ophunzira akukama mkaka m'mawa asanalowe m'kalasi. Anati lero sukuluyo ndi yaikulu ngati tauni, yotchuka pa zanthaka, ulimi wothirira, matenda a ziweto ndi uinjiniya, koma khola lija lilipobe. Anatinso sukulu zoterezi zimaima pa zinthu zitatu, ine ndinkati mafuwa atatu: kuphunzitsa m'kalasi, kufufuza m'munda, ndi kutenga zimene zapezekazo kupita nazo pakhomo pa mlimi. Achitatuwo ndi alangizi. Nditawauza kuti imeneyo ndi ntchito imene ndinaigwira ku Kasungu, anaimirira n'kundigwira chanza, n'kunena kuti ndiye kuti ndine mnzawo. Sindibisa, ndinamva kukoma kwambiri. Chifikireni ku Dubai palibe bwana amene anandigwirapo dzanja.

Che Yusufu, amene Chingerezi ankachimva bwino kuposa mmene ankachiyankhulira, anandigunda ndi chigongono kuti ndifunse malo amene boma linaperekawo anali a ndani. Pulofesa anati anali a anthu amene azungu anawapeza m'dzikomo, amene anathamangitsidwa. Anati nkhaniyo si yosangalatsa koma kubisa sikungaikonze. Che Yusufu anangogwedeza mutu n'kundiuza m'Chichewa kuti boma kulikonse ndi lowolowa manja ndi zinthu za eni.

Tinakonza ndime zingapo kuseri kwa nazale ya kampani. Yoyamba inkalandira madzi okoma okhaokha, yotsatira osakaniza pang'ono ndi amchere, choncho mpaka yomaliza, ya kumpanda, imene inkalandira a pachitsime okhaokha. Pulofesa ananena momveka kuti yomalizayo mwina ifa, ndipo ikafa tisaigwire, chifukwa imfa yakeyo ndiyo iwauze malire a udzuwo. Atatero anabwerera kwawo kukaphunzitsa, n'kundisiyira ntchito yoyeza kutalika kwa udzu ndi kuwatumizira pa fakisi Lachinayi lililonse.

Febuluwale mpaka Epulo 2002

Miyezi imeneyi mukuikumbukira, poti ndi imene mayi anu ankakuphikirani gaga. Njala ya chaka chimenecho tinkaimva ku Dubai kudzera m'matelefoni a Lachisanu, munthu atafola pamzere ndi khadi yake, n'kutulukapo maso ali pansi. Kwa Che Yusufu zinali zovuta kuposa kwathu. Kuwonjezera pa ana awo, ankadyetsa mayi awo okalamba ndi ana amasiye a mlongo wawo, ndipo onsewo ankayang'ana bauza ija. Palibe Mmalawi m'kampumo amene akanapirira kukanselidwa chaka chimenecho.

Ndime ya kumpanda inayamba kufiira monga ananenera. Poyamba m'mbali, kenako pakati, ndipo pamwamba pa mchenga panayera mchere ngati phulusa. Ine ndinkadziwa kuti ndi mmene ziyenera kukhalira, komabe thupi langa silinkamva zimenezo. Ndikafika m'mawa n'kuiona, njala inkatha. Bwana Suresh nayenso anauzidwa, koma ankati akadutsa, nkhope inkachita makwinya. Tsiku lina anaima pamenepo n'kundiuza kuti arbabu, ndiye kuti mwini kampani, amakonda kuyendera nazale mosayembekezereka, ndipo akadzaona chinthu chimenechi iye sadzataya nthawi kufotokoza za mzungu amene ali kutsidya kwa nyanja. Adzangoloza munthu amene waima pafupi ndi udzuwo. Che Yusufu anali pomwepo akulumikiza paipi ku thanki, ndipo anamva zonse.

Patapita milungu ingapo, ndime ija inayamba kubiriwira. Timasamba tatsopano tinatuluka pansi pa touma tija. Ndinasangalala ngati mwana, ndinayeza, ndinatumiza fakisi. Pulofesa anayankha kuti sanayembekezere zotere ndipo abwera msanga kudzaona ndi maso awo. Bwana Suresh anandimwetulira koyamba. Mphekesera zinamveka zoti kampani ikufuna kudzala udzuwo m'mabwalo onse atsopano a ku Mirdif n'kumauthirira ndi madzi a pachitsime.

Chimene chinanditsegula maso ndi bonongwe. Loweruka lina ndikuzulira, ndinapeza timbande ta bonongwe tatamera pakati pa ndimeyo, tochokera m'manyowa amene tinathira poyamba. M'madzi aja oyeretsa mchenga bonongwe sakanamera. Ndinafukula dothi n'kulilawa, mchere unali wochepa. Ndinakumbukira kuti Lachisanu lililonse, tsiku lathu lopuma, ife Akhristu tinkakwera basi m'mawa kupita kutchalitchi, ndipo nazale inkatsala yopanda munthu mpaka nthawi ya swala ya masana, pemphero la Asilamu ngati Che Yusufu.

Ndinawapeza Che Yusufu akutsuka bauza. Nditawafunsa za ndimeyo sanakane n'komwe, anaseka ngati munthu amene wakuphera nkhuku.

"Mwachedwa kuzindikira, alangizi. Ndimangotsanulira totsalira ta m'thanki, ndani angadziwe? Mumafuna ndingoyang'ana akukukanselani chifukwa cha udzu?"

Ndinawauza kuti ndimeyo inayenera kufa.

"Munda wa m'bale wanga ufe ine ndili ndi madzi pamsana? Mayi anga atamva angandikane."

Munthu anachita zimene tonse tinaleredwa nazo, zimene ndinkaziona ku Kasungu chaka ndi chaka, ndipo anachitira ine.

Meyi 2002

Masiku odikira Pulofesa anali oipa kuposa onse amene ndinakhala kunja. Ndikatseka pakamwa, Che Yusufu akanatsala pantchito, inenso ndikanatamandidwa. Koma udzuwo ukanadzalidwa ku Mirdif konse n'kufa chilimwe chisanathe, ndipo okanselidwa akanakhala khamu. Choopsa china, sukulu ija ikanatumiza udzuwo kwa alimi a m'maiko ouma ndi uthenga woti madzi amchere ndi okwanira. Ine ndinali mlangizi, ndikudziwa mmene mlimi amakhulupirira munthu wobwera ndi pepala, n'kugulitsa mbuzi yake yomaliza. Koma ndikatsegula pakamwa, madzi okoma aja anali a kampani, ndipo kuwathira pamalo osalamulidwa unali mlandu. Akuluakulu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ine ndinali nditanyamula mwala osadziwa pouponya. Ndinaonda moti anzanga ankandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro.

Ndinawapempha Che Yusufu kuti asiye kuthirira, ndipo anasiya, koma udzu unali utagwira kale mphamvu. Ndinawauzanso kuti sindingathe kunamiza Pulofesa. Anati ndichite zimene ndikuona, bola dzina lawo lisatuluke. Ndinalonjeza, ndipo ndinkakhulupirira kuti zimenezo ndi zotheka.

Pulofesa atafika anathamangira ku ndime ya kumpanda asanaike n'komwe chikwama pansi. Anagwada, anasisita udzuwo, n'kumanena za ophunzira awo amene akhala akudikira nkhaniyi. Ndinadikira kuti Bwana Suresh atalikire, kenako ndinawaonetsa bonongwe amene ndinamusiya dala pangodya. Ndinawauza kuti ndimeyo inalandirako madzi okoma, ndipo amene anachita zimenezo anachita chifukwa cha chifundo, koma dzina lake sinditchula. Nkhope yawo inagwa. Patapita kanthawi anandigwira paphewa n'kunena kuti ndawapulumutsa ku manyazi aakulu. Anati kusukulu kwawo kafukufuku kuonongeka si mlandu, mlandu ndi kubisa, ndipo wophunzira wa chaka choyamba amaphunzitsidwa zimenezo asanagwire n'komwe khasu. Dzina sanalifunse. Mtima wanga unakhala pansi koyamba m'milungu yambiri.

Masana omwewo anatiitana mu ofesi, kontena yokhala ndi makina oziziritsa, kuti akambe za ntchitoyo. Munali Bwana Suresh ndi manijala wa kampani, ine nditaima pafupi ndi chitseko. Manijala anayamba kukamba za Mirdif. Pulofesa anamudula mwaulemu n'kunena kuti asafulumire, zotsatira za ndime yomaliza sizoona, chifukwa inathiridwa madzi okoma ndi munthu wina wamtima wabwino amene sanamvetse cholinga chake. Ananena akumwetulira, monga munthu wokamba kanthu kakang'ono, n'kuwonjezera kuti tingoyambiranso ndi kuika mpanda. Iwo ankaona ngati ali kwawo, kumene wolakwitsa amamukhazika pansi n'kumulongosolera. Za kansela sankazidziwa.

Bwana Suresh sanayang'ane Pulofesa, anayang'ana ine.

"Madzi okoma amafika bwanji kuseri kwa nazale?"

Yankho langa silinkafunikira n'komwe. Bauza yofika kunazale inali imodzi, ndipo kiyi wake ankagona m'thumba la munthu mmodzi. Ine ndinkaganiza kuti ndikabisa dzina ndabisa munthu, osaganizira kuti thanki yonse ija singabisike.

Pulofesa atazindikira zimene zikuchitika anafiira nkhope yonse. Anachonderera, anati sukulu yawo ilipira madziwo, anati vuto ndi lawo poti sanafotokozere antchito onse. Anafika ponena kuti ntchitoyo aisiya. Manijala anawamvetsera mwaulemu, anawaitanitsira tiyi, n'kuwauza kuti za udzu ndi zawo koma za antchito ndi za kampani. Anati madalaivala ena akamva kuti wina anapatutsa madzi okoma osalangidwa, mawa bauza zonse zizikathera m'minda ya anzawo. Inenso ndinapempha kuti andilange ineyo poti ndime inali yanga. Bwana Suresh anangoti nditseke pakamwa ndisanawonjezere dzina lachiwiri.

Juni 2002

Che Yusufu anachoka mapepala awo atangotha. Masiku odikirawo sanandiyankhule, komanso sanandinenere zoipa kwa aliyense. Amalawi anzathu anagawikana, ena ankati ndinagulitsa m'bale chifukwa cha chanza cha mzungu, ena ankati ndikanatani. Mpaka lero, ndili ndi imvi, sindingakuuzeni kuti olondola anali ati. Ndimangodziwa kuti kafukufukuyo anabwerezedwa, kuti Pulofesa ankandifunsa za Che Yusufu nthawi iliyonse akabwera, ndiponso kuti nditabwerera kumudzi ndinapita ku Mangochi kukawafunafuna, koma anandiuza kuti anapita ku Joni kalekale ndipo salemba.

Tsiku lonyamuka ndinapempha chilolezo chochoka kunazale masana. Ndinawapeza pageti ya kampu, atakhala pachikwama chawo pakamthunzi ka khoma, akudikira galimoto ya kampani yopita kubwalo la ndege. Ndinakhala pansi pambali pawo. Ndinawapepesa, ndipo ndinawauza kuti malinga ndili pantchito, mwezi uliwonse ndizitumiza kenakake kwa ana awo mpaka njala ithe. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akuyang'ana mseu.

"Ayi, achimwene, dyetsani anu," anatero mofatsa. "Kuno kuthandizana n'koletsedwa. Kapena inu simunamve?"

Galimoto inafika, dalaivala analiza hutala n'kukuwa kuti yalla, tiyeni msanga. Ndinafuna kuwanyamulira chikwama, koma anachinyamula okha. Nditabwerera kunazale ndinapeza ndime ya kumpanda atailima kale, atadzala udzu watsopano ndi kuizinga waya, ndipo Bwana Suresh anandipatsa kiyi wa loko yake. Nthawi yothirira inali itakwana, choncho ndinalowa n'kutsegula mpope wa madzi amchere.